Mbuzi Imene Kunalibe

Thyo! Thyo! Mpaka lero ndimamvabe mitengo ya chinangwa ikuthyoka pansi pa galimoto.

Matipate atangoyamba, ndinkayendetsa chigalimoto chakale cha mpingo, chomwa dizilo ngati chidakwa. Pofuna kupulumutsa mafuta, ndinkazimitsa injini pamtsetse. Tsiku lina ku Jenala mabuleki anauma gwa, ndinakathera m'munda mwa mayi ena amene ankapalira.

Abusa anadzidzimuka kutulo kumpando wakumbuyo. Poopa kuchotsedwa ntchito ndinati, "Mbuzi inandidutsira, abusa." Ndinachita chibwibwi. Agogo amene anandilera ankati sindidziwa kunama, ndipo ankanena zoona.

Mayiwo anaona zonse, koma sanandiulule. Anatola chinangwa chozuka, chosakhwima n'komwe, n'kundipatsira pawindo.

"Achimwene, mukapatse mbuzi yanuyo," anatero, n'kusenza khasu lawo kumapita.