Chipanda Chosalowa Sopo

Mkazi wanga ankaphika thobwa Loweruka lililonse, ndipo anayamba chifukwa cha mimba yanga. Ndinachoka nayo ku koleji itawonongeka kale ndi mabanzi ndi zakumwa za m'botolo. Nditayamba ntchito kumafakitale inkatupa masana alionse, mkati mukutentha. Iye anati mapilitsi ndamwa okwanira. Anaitanitsa chipanda kwa amayi ake ku Katete, chachikulu, chakuda mkati, ndipo kuyambira pamenepo ndinkapita kuntchito ndi botolo la thobwa m'chikwama. Sindine dokotala. Chimene ndikudziwa n'chakuti kutupa kuja kunachepa.

Chipandacho sankachitsuka ndi sopo. Ankangochitsukuluza pang'ono, nsenga zina n'kuzisiya pansi. Ankati m'nsengamo ndi mmene muli zamoyo zimene zimasasitsa thobwa latsopano, ndipo ukazichotsa phala limangokhala phala.

Anamwalira Lachitatu, atadwala masabata awiri. Thobwa lake lomaliza linali likadali m'chipanda.

Titaika maliro, achibale ake anakhala pansi m'nyumba yathu ku Nangongwe, mu Kafue, kugawa katundu wake monga mwa mwambo. Ine ndinakhala pampando pafupi ndi chitseko. Zitenje zinapita, nsapato, mapoto, makina osokera. Amalume ake ankanditembenukira pa chinthu chilichonse, ine n'kumangovomera ndi mutu. Wina anandiyamikira kuti ndine munthu wosavuta.

Kenako ndinamva mpopi ukutseguka panja. Mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga, wobadwira mu Kafue momwemuno, anali atanyamula chipanda, sopo wa ufa ali m'dzanja. Thobwa lija anali atalitaya kale m'ngalande. Ankati chipandacho chikununkha, komanso kutchalitchi kwawo amaphunzitsa kuti nyumba ya maliro iyeretsedwe yonse, za akufa zisatsalire.

Ndinatuluka n'kuchigwira chipandacho pakhosi.

"Mulamu, musathiremo sopo."

"Ba mulamu, chinthu chowola ichi? Mufuna muyambe kuweta mphemvu?"

"Chisiyeni."

Sindinakweze mawu, koma sindinachitaye. Tinaima choncho, aliyense atagwira mbali yake, madzi akuyenda pasimenti, mpaka apongozi anga anatuluka. Anayamba ndi kudzudzula mwana wawo kuti chipanda cha thobwa sichilowa sopo, kumudzi aliyense amadziwa zimenezo. Ndinayesa ali kumbali yanga. Koma anapitiriza kunena kuti chipandacho chinachokera kwa iwo, choncho chibwerera nawo ku Katete. Mwamuna wokhala yekha sangachisamale, chidzauma, zamoyo zija n'kufa. Amalume anatulukanso n'kuwonjezera kuti munthu wa sukulu ngati ine kumatakasa phala la thobwa pakhonde, anthu adzandiseka, ndipo mkazi wina akadzabwera sadzafuna chiwiya cha mnzake.

Ndinawauza kuti atenge zonse, ngakhale bedi, koma ichi chitsala.

Apongozi ananditembenukira n'kundifunsa:

"Bambo, chimera mumathira phala likatani?"

Ndinali ndisanaphikepo thobwa. Koma kwa zaka zitatu, Loweruka lililonse ndinkakhala pakhonde ndikupukuta nsapato, maso ali pa mkazi wanga akuphika.

"Likazirala, amayi. Chala chaching'ono chizikhalamo osapsa."

"Nanga mukaliiwala masiku ambiri?"

"Limasanduka mowa."

Mlamu anati ndi zomwezo zimene iye akunena. Apongozi sanandiuze kuti ndakhoza. Anasuzumira m'chipanda n'kunena kuti nsenga zatsala zochepa kwambiri, ndisadikire Loweruka.

Ndinaphika tsiku lomwelo, alendo akumanga mitolo yawo. Poto ndinabwereka kwa oyandikana nawo nyumba chifukwa athu anali ndi eni ake atsopano. Phala linachita mibulu, ndinalisefa. Chimera cha mawere chinali m'chitini mmene mkazi wanga anachisiyira, supuni yake ili momwemo. Pamenepo ndinaima pang'ono. Kenako ndinaviika chala m'phala, ndinathira chimera, ndinatakasa mpaka phala linasungunuka, n'kutsanulira m'chipanda. Ndinavindikira ndi mbale.

M'mawa mwake munalibe kanthu. Linali phala lotsekemera chabe. Amalume analawa n'kundiuza kuti ndisavutike, m'mashopu maheu ndi ambiri.

Tsiku lotsatira ndi limene apongozi ankanyamuka. Ndisanawaperekeze ku basi ndinavundukula mbale ija. Pamwamba panali tithovu, ndipo fungo lowawasa lija, fungo la m'nyumba mwathu, linandifika kumaso. Ndinathira m'kapu n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anamwa theka. Anati chimera chachepa, ulendo wina ndisaumire dzanja. Anandibwezera kapu, ananyamula chikwama chawo, ndipo za chipanda sanatchulenso.

Papita chaka ndi miyezi. Thobwa lililonse limayambira pa nsenga za linzake, kubwerera m'mbuyo mpaka la mkazi wanga lija. Mlamu amabwera nthawi zina ndi anzake a kutchalitchi, ndipo amandiuza mwachifundo kuti ndakakamira wakufa. Ndimawayankha kuti kumene mkazi wanga anagona ndimakudziwa, chipanda sindilankhula nacho, ili ndi thobwa basi. Ndimawapatsa mipando n'kuwathirira m'makapu. Ena amamwa, ena amakana. Akamachoka ndimawaperekeza mpaka pamsewu, ndikabwerako n'kuteleka madzi a phala.