Katoni ya m'paipi ya bambo Chikopa

Anzanga, usiku wathawu ndinalota zoti mpaka pano mtima sunakhazikike. Paja ntchito yanga ndi yoyeza ngati mpweya ukulowa ndi kutuluka bwino m'nyumba zikuluzikulu, komanso ngati makina ake sakungodya magetsi pachabe. Lolemba ndinayeza holo ina yosokeramo mayunifolomu, ndipo mwini wake, bambo Chikopa, akudikira kuti lero ndisayine zoti zonse zili bwino.

Ndiye kumalotoko ndinali mu holo yomweyo. Mafani okankha mpweya akulira ngati chigayo, koma kutentha kwake kosasimbika. Ndinatulutsa kapepala kopyapyala kamene ndimaika pakamwa pa paipi ya mpweya, poti makina oyezera amatha kunama koma kapepala sikanama. Kanangoti lende, osagwedezeka n'komwe.

Kenako ndinaona amayi osoka aja ali pamzere pa windo limodzi lokha, aliyense kukoka mpweya katatu n'kubwerera kukasoka. Mayi wina woyembekezera anandigwira malaya, amvekere: "Achimwene, ndipemphereniko ndipite kutsogolo, ine ndikupumira anthu awiri."

Ndisanayankhe, ndinapezeka ndikukwawa m'kati mwa paipi ija. Munali tinsalu ndi ulusi thothotho, kumapeto atatsekako ndi katoni yomwe anaika nthawi yozizira n'kuiwala. Apa pokha si maloto ayi, katoniyo ndinaiona ndi maso angawa Lolemba. Ndiye mita ya magetsi inamera miyendo n'kuyamba kuthamanga m'holomo, palibe woigwira.

Kenako anatulukira bambo Chikopa atavala masuti atatu pamodzi, thukuta osatuluka ngakhale dontho. Anandipatsa cholembera chachitali ngati nzimbe.

"Sayinani apa, bwana. Mafani akuzungulira, simukuwamva? Pajatu oyeza ndi ambiri m'tauni muno."

Ndinapsa mtima koopsa. Ndinati: "Kuzungulira akuzungulira, nanga mpweya uli kuti? Kaitaneni enawo!" Ndinathyola cholembera chija pabondo. Nditacheuka, mayi uja panalibe pamzere, panangotsala masilipasi ake okha. Ndinadzidzimuka pomwepo, thukuta lili kamukamu.

Odziwa kumasulira maloto, tandiuzani, makamaka za masilipasiwo, chifukwa andiopsa kwambiri. Koma wina asayerekeze kunena kuti akutanthauza kuti ndisayine. Kaya andilanda ntchitoyo andilande. Katoni ija isanachoke, dzina langa silikhala pa pepala lawo.