Kutembenuza Apongozi

Apongozi anga aakazi anafa ziwalo mbali yakumanja chaka chomwe anthu anayamba kulimira malaya a zipani. Kuchipatala anawatulutsa ndi malamulo awiri: azimwa phala la nsinjiro ndi dzira pang'onopang'ono kuti asatsamwidwe, ndipo azitembenuzidwa pafupipafupi, apo ayi msana uchita zilonda.

Ine ndinali mkamwini pamudzi pawo, m'munsi mwa phiri la Michesi. Chikwatirireni mwana wawo, sindinawayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira m'chinangwa, ine m'chimanga.

Tsono apongoziwo anali athupi, mkazi wanga ali ndi pakati, mwezi wake utayandikira. Abale ake anali ku Chilwa kokolola mpunga. Mkazi wangayo ankawakankha yekha mayi akewo, iwo osasuntha. Ine ndili pakhonde n'kumalangiza: "Gwira m'chiuno!"

"Bwerani mudzagwire nokha, a katswiri," ankayankha ali m'nyumbamo.

Ulemu unandisunga pakhondepo mpaka tsiku lomwe anatuluka ndi nsalu ya mayi ake n'kundinunkhitsa. Chilonda chinali chitatseguka m'munsi mwa msana. Ndinachita mantha, abale.

Ndinalowa. Apongozi anaphimba nkhope ndi dzanja lamoyolo. Ndinawatembenuza maso ali kudenga, mkazi wanga n'kutsuka chilondacho ndi madzi amchere, n'kupinda chitenje pakati pa mawondo awo. Ali m'manja mwangamo, anauza mwana wawo ndi lilime lolemera: "Uwauze bambowa akundifinya phewa." Mkazi wanga anandiuza. Ndinapepesa kudzera mwa iye yemweyo, ndipo tinapitiriza choncho tsiku ndi tsiku.

Kenaka matenda a uchembere a mkazi wanga anayamba m'mawa wina, aneba n'kumutengera kuchipatala panjinga. Phala anasiya pamoto. Ndinalitsanulira m'kapu, ndinawakhazika apongozi chotsamira, supuni n'kuima m'malere. Anatseka pakamwa kuti ndii! Wotiyankhulira panalibe.

Ndinatembenukira kukhoma. "Akapanda kudya, chilondachi sichipola," ndinaliuza khomalo. "Ndipo mdzukulu akubwerayu afuna msana woberekerapo."

Phala linayamba kuzizira. Patapita nthawi, nawonso anayang'ana khoma lomwelo.

"Phalali mchere mulibe," anatero.

Ndinathamanga kukathira. Nditabwerera ndinawapeza atatsegula pakamwa, maso atatsinzina. Ndikuwamwetsa, phala lina linadonthera pachibwano pawo, ndipo ndinawapukuta ndi chala changa.