Bowo Lachisanu

Ndikukumbukira Loweruka lina ku Matundo, mumzinda wa Tete, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, tsiku limene ndinaimitsa nyundo ya amalume ili m'mwamba.

Ababa ankanyamula anthu pa njinga yamoto, imene kwathu timati mota, kuwaolotsa mlatho kupita nawo m'tauni, ndipo banja lonse tinkadalira mota imeneyo. Koma inali itayamba kudontha oliyo pamwamba pa injini, pa chivundikiro cha mavalavu chimene iwo ankangoti tampa. Oliyoyo ankagwera pa chitsulo chotentha n'kumafuka utsi, moti okwera ovala bwino anayamba kuwazemba. Ababa anagula junta yatsopano, kamphira kotseka pakati pa tampa ndi injini, n'kuitana amalume Zakariya, mlongo wawo wa amayi, munthu wodziwa chilichonse padziko kupatula kukhala chete.

Anayamba m'mamawa, dzuwa lisanaotche zitsulo. Ine anandipatsa ntchito yonyozeka, yotsuka mapalafuzo, mabawuti omangira tampa, m'kachitini ka petulo ndi kugwira junta kuti isagwere m'fumbi. Anamasula mapalafuzo anayi n'kundiponyera. Atakoka tampa, inakana. Anaigwedeza, anaimenya ndi chikhatho, koma ayi ndithu.

"Yangomatirira iyi, alamu," anatero amalume. "Ikufuna nyundo."

Ababa ankadziwa kuti chitsulo cha tampa n'chofewa, ndipo ikasweka ina sakanaipeza msanga, mota ikanagona pakhomo milungu ingapo. Komabe anawasiya amalume kukatenga nyundoyo.

Ine ndinkangoseweretsa junta ija, kupisa kachala m'mabowo ake. Anali asanu. Ndinasuzumira m'kachitini, mapalafuzo anayi. Ndinachita mantha, pakuti kwathu mwana wamkazi sankaponya mawu pamene amuna agwira zitsulo.

"Ababa, mabowo alipo asanu," ndinatero motsitsa mawu.

"Iwe, pita ukathandize amayi ako," anandidula amalume, nyundo atakweza kale.

"Tadikirani, alamu," anatero Ababa. "Lusiya, wati chiyani?"

Ndinawaonetsa junta, kenaka kachitini. Ababa anaiyerekeza pamwamba pa tampa, ndipo bowo lachisanu linagwera pakona yakumbuyo, pamene panali chimatope chakuda cha oliyo ndi fumbi la Tete, chouma gwa. Anapala ndi kamtengo. Mutu wa palafuzo unatulukira.

Ndinkayesa amasula okha, koma anandipatsa sipanala. "Waipeza ndiwe, imasule." Zala zinkanunkha petulo. Ndinakoka kamodzi, osatheka. Ndinaponda pansi mwamphamvu n'kukokanso, ndipo inalira kuti thwa, n'kuyamba kuzungulira. Tampa inanyamuka ndi zala ziwiri ngati chivundikiro cha poto.

Amalume anaika nyundo pansi mwakachetechete, n'kunena kuti iwonso anali akukayikira pakona pomwepo. Ababa anaseka mpaka kutsokomola. Masana omwewo anandikweza kumbuyo, tinaoloka mlatho popanda utsi ngakhale pang'ono, ndipo aliyense wa mota amene tinakumana naye anauzidwa kuti makanika wawo ndi uyu. Ndinanyada kwambiri, sindibisa.

Lero ndimakonza makina aakulu ku migodi ya Moatize, ndipo chitsulo chikandikanira ndimayamba ndapukuta ndi kuyang'ana. Kwa zaka zambiri ndinkati ngwazi ya tsiku lija ndinali ine ndekha. Tsopano ndili ndi ana anga, ndazindikira kuti kuona bowo kunali kosavuta. Chovuta anachita Ababa: kuimitsa alamu awo kuti amve zimene mwana wamkazi akunena.