Ndinatseka mawu a foni kuti ndisunge ulemu, Japan n'kundiphonya

Ndinalephera mayeso a Chijapanizi chifukwa choopa pakamwa pa anthu. Ndikulemba izi mtima ukuwira, ndipo munthu amene ndakwiya naye koposa ndi ine mwini.

Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Mbulumbuzi. Ndimalima chimanga ndi nandolo, komanso ndine mlembi wa kalabu ya alimi m'mudzi mwathu. Alangizi atatiuza kuti bungwe lina likufuna alimi achinyamata oti akaphunzire ulimi ku Japan, ndinalembetsa tsiku lomwelo. Anandisankha, koma anati ndikhoze kaye mayeso a Chijapanizi, ndiponso ndisakhale nditakwanitsa zaka makumi atatu. Ine chinali chitanditsalira chaka chimodzi. Mayesowo ndinali ndi mwayi wolemba kamodzi basi, osabwereza.

Mphunzitsi wa Chijapanizi kwathu kuno mungamupeze kuti? Alangiziwo anandiikira pulogalamu ya makhadi m'foni. Khadi likabwera pamaoneka zilembo zawo zija, kenako munthu amatchula mawuwo kuti nawe ubwereze. Ukakumbukira tanthauzo umadina kuti wadziwa, khadilo n'kusowa masiku angapo. Ukaiwala limabweranso mawa lake. Ndinkaika foni pa mkeka ndikutongola chimanga pakhonde, iyo ikayankhula, ine ndikuyankha. Lilime linali litayamba kufewa.

Tsoka lake, wotchula mawu uja anali mwamuna.

Amake Edina, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu, anatola nkhaniyi n'kukaitula pa mjigo. Akuti ndapeza chibwenzi cha ku Japan, ndipo ndimacheza nacho dzuwa likuswa mtengo, mopanda manyazi. Pasanathe sabata inali itawapeza amuna anga ku Boma kumene amapala matabwa. Anabwera nkhope itagwa. Ndinawaonetsa foni, anaona okha kuti ndi makina, komabe anati: “Ine ndine mkamwini pamudzi pano, anthu akundiseka kale. Mawu a mwamunayo ndisawamvenso pakhomo pano.”

Ndinagula timahedifoni kuti ndizimva ndekha. Ndinkayesa ndachenjera. Tsiku lina ndikupita kumunda, amalume anga, amenenso ndi ankhoswe a banja langa, anandipeza ali pa njinga. Akuti anandipatsa moni katatu. Ine sindinamve, ndinali pakati pa mayina a masiku a sabata. Anaima, n'kundiyang'ana ndikudutsa ndikung'ung'udza ndekha.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi anandiitanitsa. Analipo mayi anga, amuna anga ndi amalumewo. Amalume anafunsa ngati mkazi wapabanja amatseka makutu panjira ngati anyamata a kabaza, ndi ngati ku Japan kumeneko amalume kulibe. Chigamulo chinali choti kuphunzira ndiphunzire, koma mwakachetechete, ngati mmene munthu amawerengera Baibulo. Ndinagwada, ndinapepesa, ndinati ndamva. Madzulo ake ndinatseka mawu a pulogalamu ija, timahedifoni n'kuponya m'sutikesi.

Inu owerenga, apa m'pamene ndinadzikumbira dzenje ndekha. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti mayesowo ali ndi gawo lomvetsera. Alangizi anandiuza, ndipo zinalembedwa pa pepala limene ndinasaina. Koma ndinadzinamiza kuti munthu akadziwa mawu ndi maso, makutu adzatsatira okha. Nanga pulogalamuyo inkadziwa kuti ndaitseka pakamwa? Inkangondiyamikira tsiku ndi tsiku kuti ndikuchita bwino. Khadi kungoti bwere, ine ndadina kale. Miyezi isanu ndi iwiri ndinakhala chomwecho, ndikudzitama kuti zilembo zovuta zija ndikuziwerenga ngati dzina langa. Pamudzi mtendere unabwerera. Amake Edina anayambanso kudzapempha moto.

Mayeso ankalembedwera kutali, ndinayenda tsiku lonse pa basi. Gawo la mawu ndi la kuwerenga ndinamaliza nthawi isanakwane, mpaka ndinayamba kuwamvera chisoni anzanga amene ankaluma mapensulo. Kenako woyang'anira anatsegula sipika. Anthu awiri anayamba kucheza, liwiro lake ngati akuthamangitsidwa, ndipo chilichonse chinkanenedwa kamodzi kokha. Ndinamva moni woyamba uja basi. Mawu amene ndinawadina kambirimbiri kuti ndikuwadziwa ankadutsa m'makutu mwanga ngati alendo. Ndikati ndigwire liwu limodzi, funso lapita kale. Ndinangodetsa mayankho mwachisawawa, misozi ili m'maso.

Zotsatira zitatuluka, magawo olemba ndinali nditakhoza bwino kwambiri. Koma lamulo la mayesowa ndi loti ukagwa gawo limodzi wagwa onse. Malo anga anapatsidwa kwa bambo wina wa ku Kadewere, amene ndikumva kuti ankaphunzira foni ili m'thumba la malaya ikubwebweta msewu wonse, iye ali pa njinga. Palibe anamuitanira ankhoswe.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi zimene ndinapeza pamudzi. Amuna anga anangoti mwina Mulungu sanalembe, akunena izi wailesi yawo ikusokosera mpira mpaka kwa aneba. Amalume anati mafoniwa amapusitsa ana. Ndipo amake Edina, amake Edina omwe aja, anandiimitsa pa mjigo pamaso pa amayi onse: “Nanga a ku Japan, ndege inyamuka liti? Tatiyankhuleniko Chijapanizicho timve nafe.” Ndinatula ndowa pansi. Chimene chinandigwira kuti ndisawakhuthulire madzi aja sindikuchidziwa mpaka lero.

Koma ndikakhala pansi ndimaona kuti iwo sanakhudze foni yanga. Chala chimene chinatseka mawu chinali changa. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Wofuna Japan ndinali ine, ndipo ndikanatha kuwauza amalume mwaulemu kuti chilankhulo sichilowera m'maso mokha. Ndikanatha kumakamvetsera kumunda pakati pa nandolo, kumene kulibe wopatsa moni. Ndinasankha kutchedwa mkazi womvera.

Inu amene mukuphunzira chilankhulo ndi makhadi a pa foni, musanyengedwe ndi kuyamikira kwa makina. Amangowerenga zimene mwadina, sadziwa zimene makutu anu akumva. Tsegulani mawu, bwerezani mokweza, yesani mayeso akale omvetsera nthawi ikadalipo. Makamaka inu amayi anzanga, oseka asiyeni aseke, tsiku la mayeso mudzakhala pa desiki nokha.

Zaka makumi atatu ndinakwanitsa mwezi wathawu. Makhadi aja ndimawatsegulabe pakhonde, mawu ali pamwamba, foni italoza kwa amake Edina. Palibe akudandaulanso. Onse akudziwa kuti sindikupita kulikonse.