Chidendene ndi Thabwa Lolira

Anthu ankamutcha Chidendene chifukwa akalowa m'nyumba ya munthu sankayamba ndi moni. Ankavula nsapato n'kuzungulira chipinda chonse akugogoda pansi ndi chidendene, khutu ali tcheru. Pamene thabwa lalira kapena lanyekhera, ankalembapo chizindikiro ndi choko. Moni unkabwera pambuyo.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa apongozi ake aamuna, munthu wouma pakamwa poyamikira. Iye anakwatira ali wopala zitseko chabe, ndipo apongoziwo anamuuza kuti, "Chitseko aliyense amachiona. Ngati ndiwe mmisiri, konza zomwe zidzaphimbidwe." Kuyambira pamenepo moyo wake unali wogwada. Ankakanula matabwa akale apansi, kutaya owola, kulimbitsa mitanda yomwe imawanyamula, kupaka guluu, n'kumanga masikuluwu pomwe misomali inasololoka. Akamaliza pankabwera oyala kapeti kapena matailosi, ndipo eni nyumba ankatama iwowo. Iye sizinkamukhudza. Mkazi wake ndiye ankaseka kuti anakwatiwa ndi mawondo, poti ndi omwe ankathowa tsiku ndi tsiku.

Chaka china anaitanidwa ndi namwino wina amene ankafuna kuyalira makolo ake okalamba pansi patsopano posaterera. Bambo a namwinoyo anali atayamba kuiwalaiwala, moti nthawi zina ankafunsa mkazi wawo kuti ndi mlendo wochokera kuti. Chidendene atagogoda nyumba yonse, anapeza thabwa limodzi pafupi ndi khomo lotulukira lomwe linkalira ngati mwanambuzi. Akuti alembe ndi choko, mayi a namwinoyo anamugwira dzanja.

"Ilo ayi, bambo. Ameneyo ndi mlonda wanga."

"Mlonda bwanji, mayi?"

"Abambowa akafuna kutuluka amaponda pamenepo. Ine ndikakhala kuseri ndikuchapa ndimamva, n'kuthamanga. Tsiku lina tinakawapeza kumsewu waukulu akudikira basi yopita kuntchito yomwe anapuma kalekale."

Chidendene sanatsutse. Anangopempha kuti aone kaye pansi pake. Atakanula thabwalo panatuluka fungo la chinyontho. Paipi ya madzi inkadontha mobisika, ndipo mtanda wa pamenepo unali utafumbwa. Ataufinya ndi zala, unanyenyeka ngati buledi wogona.

"Mayi, mlonda wanuyu akulira chifukwa akudwala. Lero akukuitanani, mawa ameza mwendo wa abambowa."

"Ndiye likonzeni, koma lizilirabe."

"Zimenezo ndiye sanandiphunzitse."

Anaitanitsa wokonza mapaipi, anadula mtanda wowolawo n'kuikapo watsopano, ndipo thabwa analimanga mpaka linati zii. Mayi aja anapondapo kangapo, n'kulowa kukhitchini. Tiyi yemwe ankamupatsa m'mawa uliwonse anathera pomwepo.

Pa tsiku lomaliza anabwera ndi kabelu kakang'ono konga ka pazitseko za m'masitolo, n'kukakhomera pamwamba pa khomo. Sanapemphedwe, ndipo sanafotokoze zambiri. Anangotsegula chitseko, kabelu n'kuti ngili ngili, iye n'kuyamba kulongedza zida.

Koma kabeluko kanawasangalatsa kwambiri bambo okalamba aja. Ankaima pakhomo n'kumatsegula ndi kutseka chitseko, akuseka ngati mwana. Mayi aja ankathamanga kuchokera kuseri thovu lili m'manja, n'kupeza munthu sakupita kulikonse. Atakumana ndi Chidendene pamsika anamuuza kuti, "Mwandipatsa ntchito ina, bambo inu. Miyendo yatha." Anatero akumugawira malalanje awiri ochokera m'thumba mwawo. Mapeto ake namwino uja anaika chotsekera china pamwamba pa chitseko, pomwe bambo ake sankayang'anako. Kabelu anakasiya pomwepo. Patapita chaka, Chidendene anamva kuti bambowo anamwalira pabedi pawo, chifuwa chitawagwira m'nyengo yozizira.

Chidendene anagwirabe ntchito zaka zingapo, mpaka maso anachita nkhungu ndipo anayamba kuphonya mutu wa sikuluwu. Zida zake anapatsa mwana wa mchemwali wake. Masiku ano amakhala pakhonde n'kumanola masowo a amisiri ena, ndipo aliyense wobwera kudzatenga sowo yake amayamba wamva kuti guluu wa masiku ano ndi madzi okhaokha.