Mpando wa Chaka Chamawa

Amayi apampando a bungwe lathu losamalira okalamba sabweranso kumisonkhano, miyendo inawakana. Koma mwambo wawo ulipobe: patebulo timasiya mpando umodzi wopanda munthu. Iwo amautcha mpando wa Chaka Chamawa. Tikamapangana zochita, ankaugogoda ndi ndodo n'kufunsa kuti, "Nanga mwini mpandoyu mwamufunsa?"

Sindiiwala tsiku limene bambo wina wachifundo anabwera kudzatipatsa galimoto. Tonse tinaomba m'manja, mlembi wathu mpaka kuvina. Amayi anangotembenukira kumpando uja.

"Achimwene Chaka Chamawa, matayala akatha mudzagula ndinu? Nanga mafuta?" Anatchera khutu, kenako n'kupukusa mutu. "Akuti sangathe. Bambo, tipatseni njinga."

Tinatuluka tikung'ung'udza, ena osawatsanzika n'komwe. Galimotoyo inapita ku bungwe la anzathu tsidya lina la msewu, ndipo lero nkhuku zikuikiramo mazira. Njinga zathu zikuyendabe, kukasiya mankhwala m'makomo mwa okalamba.

Dzulo ndinakawazonda Amayi aja, n'kuwadandaulira kuti mipando yopanda anthu tsopano ilipo iwiri. Anaseka.

"Wangawo akhalepo wina, mwananga. Winawo musaukhudze."